Kugula boti la jeti logwirapo kale ntchito kuno ku Tete

Banja likayamba kukambirana zogula boti, nkhani imathamangira ku maonekedwe, kuchuluka kwa mipando ndi liwiro. Pa boti la jeti zimenezo ziyambe zadikira. Chimene chidzakusangalatseni kapena kukudyerani ndalama chili kunsi, chakumbuyo, m'pampu imene imayamwa madzi n'kuwalavula mwamphamvu. Zambezi wathuyu ndi mtsinje wa mchenga, ndipo mchenga ndi umene umapha pampu yoteroyo. Boti likhoza kunyezimira pa chithunzi cha pa Facebook chonsecho m'kati linatha kalekale.

Kwa amene simunaliyang'anepo chapafupi, boti la jeti lilibe pulopela yolendewera kunja. Pansi pake pali chibowo chotchingidwa ndi timizere ta zitsulo. Madzi amalowera pamenepo n'kukumana ndi impela, chitsulo cha mapeni chimene injini imazunguza m'kati mwa mkombero wothina, kenako amatulukira kumbuyo pa kamlomo kopapatiza. Mukakhotetsa chiwongolero, chimene chikukhota ndi kamlomo kameneko. Pofuna kubwerera m'mbuyo, chivundikiro chimatsika n'kubweza madziwo kutsogolo. Amene anakonza bwino njira imeneyi ndi Bill Hamilton wa ku New Zealand, m'zaka za m'ma 1950, pofuna kukwera mitsinje yosaya ya kwawo.

Choyamba: mudzayenda pamadzi ati?

Funso limeneli muliyankhe musanaone boti ngakhale limodzi, chifukwa chigawo chathu chili ndi madzi amitundu iwiri osiyana kwambiri.

Pali mtsinje, kuchokera pa mzinda wa Tete, pansi pa mlatho wa Samora Machel, kutsika kudutsa pa mlatho wa Kassuende ndi pomwe mtsinje wa Revúbuè umathira. Pamenepa madzi ndi otambalala koma osaya m'malo ambiri, mchenga umasuntha chaka ndi chaka, ndipo kuya kwa madzi kumadalira mmene atsegulira ku damu la Cahora Bassa. Pomwe munadutsa bwinobwino mwezi watha mukhoza kupeza pali chisumbu. Apa ndi pomwe jeti imaposa pulopela, chifukwa boti likakhala pa liwiro limadutsa pamadzi ofika m'mawondo osagunda kanthu.

Ndiye pali nyanja ya Cahora Bassa, imene inayamba kudzaza kumapeto kwa 1974 ndipo imayenda makilomita opitirira 250 kuchokera ku Songo mpaka cha ku Zumbo. Kumeneko madzi ndi akuya, ndipo m'miyezi ya mphepo mafunde amakula mwadzidzidzi pamalo otambalala. Maboti ambiri a jeti a pabanja ndi afupiafupi, ndipo pamafunde amadumpha n'kumenya pansi mpaka ana kulira. Likadumpha pampu imayamwa mpweya, injini n'kulira pachabe. Ngati maulendo anu onse ndi a kunyanja, kukawedza mcheni ndi kukadya nkhomaliro pagombe, ndikuuzeni mosabisa kuti boti wamba la injini yopachika kumbuyo likutumikirani bwino. Limamwa mafuta pang'ono, ndipo amakaniko a asodzi amazidziwa injini zimenezo ngakhale mu mdima.

Ogulitsa amakonda kunena kuti jeti ndi yabwino kwa ana chifukwa palibe pulopela yoti iwateme posambira. Ndi zoona. Koma kuno ng'ona ndi mvuu zili paliponse, ndipo m'madzi odikha a m'mphepete muli likodzo. Banja losamala silisambira pa Zambezi kapena kukoka ana pa chubu kumbuyo kwa boti. Choncho musalipire ndalama zambiri chifukwa cha nsanja yokokera anthu osewera pamadzi kapena masipika akuluakulu. Chimene mukufuna ndi denga la nsalu lotchinga dzuwa, poti mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Tete kumapitirira madigiri 40, komanso m'mbali mwa boti mwakuya bwino moti mwana ataimirira sangapendekere kunja.

Werengani anthu amene adzakwere, ndipo muwerenge moona, kuphatikiza agogo ndi mlamu amene sasowa pa ulendo. Maboti ambiri opangidwa kufakitale amakhala ndi kachitsulo kolembapo chiwerengero cha anthu ndi makilogalamu amene angasenze. Chiwerengero chimenecho sichikambirana.

Chachiwiri: gawani ndalama

Ndalama zonse zisathere pa mtengo wa boti. Ine ndimalangiza kusunga padera gawo limodzi mwa magawo anayi, la kukonza zoyambirira, majekete oyandamitsa, mapepala ndi matayala a ngolo yonyamulira boti. Ganiziraninso za petulo. Injini ya mahosipawa 200 ikamathamanga mpaka pamapeto imamwa malita opitirira 60 pa ola limodzi. Pa liwiro la pakati imachepetsako ndithu, komabe jeti imamwa kuposa pulopela ya mphamvu yofanana. Chulukitsani malitawo ndi mtengo wa lita pa pampu lero, mukhale pansi ndi amayi a kunyumba kapena bambo a kunyumba, muone ngati nambala imeneyo ikuloleni kutuluka kawirikawiri. Boti longokhala pabwalo limawonongeka msanga kuposa loyenda.

Chachitatu: kumene maboti amachokera, ndi mitundu yake

Ena amagulitsidwa ndi anthu a ku migodi ya malasha ku Moatize akamasamuka. Ena amachokera ku Harare ndi ku Kariba kudzera pa Cuchamano, ena ku Johannesburg, ena ku Beira ndi ku Maputo. Funsani komwe boti lakhala likuyenda. La m'madzi amchere liyang'aneni kawiri, chifukwa mchere umadya aluminiyamu wa pampu ndi mawaya mwakachetechete. Lochokera ku Johannesburg, ngati ndi la injini yakale ya kabuleta, mwina linatcheredwa molingana ndi mpweya wopepuka wa kumtunda, mamita oposa 1,700. Kuno kuchigwa liyenera kutcheredwanso, apo ayi injini imalandira petulo wochepa n'kutentha mpaka kugwira.

Mitundu imene mungakumane nayo ndi itatu. Pali maboti a faiba a Yamaha ndi a Sea-Doo, okhala ndi mipando yofewa, opangidwira mabanja. Kampani ya BRP inasiya kupanga maboti a Sea-Doo amtunduwu mu 2012, choncho lililonse limene mungapeze ndi lazaka, ngakhale zipangizo za injini yake ya Rotax zimapezekabe chifukwa zimafanana ndi za tinjinga ta pamadzi. Pali maboti a aluminiyamu a injini yam'kati okhala ndi pampu yonga ya HamiltonJet, olimba kwambiri pamtsinje koma osowa. Ndiye pali boti la aluminiyamu la injini yopachika kumbuyo imene m'malo mwa pulopela anaikako mwendo wa jeti. Mwendo umenewu umadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya injini, koma ndi wosavuta kukonza, ndipo ukatsekeka mumangotukula injini n'kuchotsa zinyalala muli m'boti momwemo.

Mfundo yomalizayi ndi yaikulu kuposa mmene ikuonekera. Jeti iliyonse idzatsekeka tsiku lina, ndi namasupuni, bango, jumbo, kapena chingwe cha ukonde wa asodzi. M'mayiko ena munthu amangodumphira m'madzi n'kupisa dzanja pansi pa boti. Pa Zambezi simungatume munthu kuchita zimenezo. Maboti a Yamaha ali ndi kachitseko pamwamba, kumbuyo kwa mipando, kotsegula n'kupisa dzanja mpaka pa shafti muli pouma. Sea-Doo zambiri zilibe. Kwa ine, boti lopanda njira yochotsera zinyalala muli m'kati si loyenera banja kuno, ngakhale litatchipa chotani.

Pa injini, sankhani ya four-stroke, imene siiwotcha oyilo pamodzi ndi petulo, ngati thumba likulola. Ndipo ngati pali mwayi wosankha, pewani ya supercharger, chipangizo chopopera mpweya wochuluka mu injini. Imathamanga, inde, koma chipangizo chimenecho chimafuna kumasulidwa ndi kukonzedwa maola 100 kapena 200 aliwonse malingana ndi chaka chake, ndipo chikasweka tizidutswa take timalowa mu injini. Maboti a mainjini awiri ali ndi ubwino woti imodzi ikafa inayo ikubweretsani, koma chilichonse mumagula pawiri.

Musanapite kukaona, imbani kwa makaniko wanu ndi kwa ogulitsa zipangizo, mufunse ngati impela, mkombero wake ndi masefa a mtundu umenewo angapezeke, kuti, ndipo patatha masabata angati. Zambiri zimachokera ku South Africa. Mudziwiretu zimenezi.

Chachinayi: kuliona lili pamtunda

Pitani masana, ndi makaniko wodziwa injini za pamadzi, tochi yowala bwino, nsanza yoyera ndi sikuludiraiva. Dzulo lake muuzeni mwini wake kuti, "Achimwene, chonde injini musailize ndisanafike." Mukafika gwirani injiniyo ndi dzanja. Ikakhala yofunda, pali chimene sakufuna kuti mumve ikamadzuka kozizira.

Yambani ndi thupi la boti. Gwadani muyang'ane pansi ponse, makamaka mozungulira chibowo cholowera madzi ndi pomwe pampu yamangidwa. Timikwingwirima ta mchenga si vuto. Ming'alu yotambalala ngati ukonde pamalo amodzi, kapena chigamba chopakidwa penti yosiyana, zikusonyeza kuti linagunda mwala kapena chitsa. Ku Cahora Bassa kuli mitengo yomwe inamira pomwe nyanja inkadzaza, ndipo madzi akatsika, monga zinachitikira ndi chilala cha 2024, zitsa zimakhala pafupi kwambiri ndi pamwamba. Gogodani thupi ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Pabwino pamamveka mawu olimba, powola pamamveka mawu akufa. Kwerani m'kati, vulani nsapato, pondani pansi ponse ndi chidendene. Pofewa ndiye kuti thabwa la m'kati linawola, ndipo kukonza zimenezo n'kuphwasula boti lonse. Ngati ndi la aluminiyamu, tsatani mizere yowotcherera ndi chala, muone ngati pali posweka kapena timabowo toyera ngati ufa. Tsegulani chotsekera madzi cha kumbuyo boti litapendekera. Kukatuluka madzi ambiri, funsani kuti analowera pati.

Tsopano injini. Tsegulani chivundikiro, muyambe ndi mphuno. Fungo lamphamvu la petulo m'chipinda cha injini ndi ngozi ya moto. Yang'anani m'mbali mwa chipindacho ngati pali mzere wa matope kapena dzimbiri wofika pamtunda umodzi ponseponse. Boti limenelo linamirapo. Solani kachitsulo koyezera oyilo mupukutire pa nsanza yoyera ija. Oyilo wakuda ndi wongokalamba. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi akulowa mu injini, ndipo apo mukhoza kutsanzika. Finyani mapaipi a labala. Olimba gwa kapena ong'aluka ndi osintha onse.

Makaniko amasule mapulagi ayeze kompuresheni, mphamvu yopanikizira mpweya, ya silinda iliyonse. Nambala yeniyeni imasiyana ndi mtundu wa injini, koma masilinda asasiyane ndi zoposa magawo 10 pa 100. Mwini wake akakana kuyeza kumeneku, kukanako ndi yankho. Maola a injini amaoneka pa geji, koma pa injini zatsopano makaniko wokhala ndi kompyuta yake amawerenga maola enieni ndi zovuta zimene injini inasunga. Musakopeke ndi maola ochepa kwambiri. Boti la zaka 15 limene layenda maola 60 okha lakhala lili chigonere, petulo anauma m'mapaipi, malabala anauma, makoswe anadya mawaya. Loyenda maola mazana angapo koma lili ndi malisiti a sevisi ndi labwino kuposa pamenepo.

Chachisanu: pampu

Apa khalanipo nthawi. Chotsani kiyi ndi chingwe chozimitsira injini, muike m'thumba mwanu. Gonani chagada pansi pa boti, walitsani tochi pa chibowo cholowera madzi. Timizere ta zitsulo tikhale tathunthu, tosapindika. Kupyola pamenepo muona shafti, ndipo kumapeto kwake muona mapeni a impela. Yang'anani ngati pa shafti pazengezeka chingwe cha nayiloni. Chingwe chotero chimasungunuka ndi kutentha n'kudya labala wotchinga madzi.

Kenako pitani kumbuyo, tukulani chivundikiro cha livesi, walitsani m'kamlomo. Pa impela yabwino m'mphepete mwa mapeni mumakhala mowongoka ndi mosalala, ndipo mapeniwo amadutsa pafupi kwambiri ndi mkombero, moti kuwala kwa tochi kumangooneka ngati kamzere. Pa yotha, mapeni amakhala obenthuka, opindika nsonga, ndipo mkombero umakhala ndi mizere yokumbika mozungulira pomwe timiyala tinadutsa. Makaniko alowetse timapeni toyezera mpata. Mpata ukafika milimita imodzi ndiye kuti zinatha, ndipo pa mitundu yambiri yatsopano malire ake ndi ochepera pamenepo. Mpata ukakula, madzi amabwerera komwe achokera m'malo motuluka, injini imakuwa, petulo amapita, boti n'kumangokwawa.

Kutha kwa mkombero pakokha si chifukwa chosiyira boti. Pa Sea-Doo mkomberowo ndi wa pulasitiki, anaupanga dala kuti uzitha m'malo mwa impela, ndipo umasinthika. Ndi chifukwa chabwino chotsitsira mtengo. Pa Yamaha ndi wa chitsulo chosachita dzimbiri chokutidwa ndi aluminiyamu, ndipo vuto lake ndi lina: aluminiyamu akadyeka, makamaka m'madzi amchere, mkombero umatupa n'kuyamba kukhula impela. Mukaona pamalo ponyezimira pokhulika, kapena sitata ikuvutika kuzunguza injini chonsecho batire ndi yodzaza, ganizirani zimenezo.

Choopsa kwambiri ndi maberingi a pampu. Makaniko atsegule kachipewa ka kumbuyo kwa pampu. M'katimo mukhale oyilo kapena girizi woyera. Mukapezeka madzi kapena tizitsulo tonyezimira, pampu yonse ndi yomasula. Gwedezani kamlomo ndi dzanja uku wina atagwira chiwongolero. Kasamagwedere. Yesani giya ya livesi kangapo, chivundikiro chizitsika ndi kukwera mosakakamira, n'kukhazikika pamalo pake. Ngati pali kachitseko kochotsera zinyalala, katseguleni nokha n'kukatsekanso. Ena amakakamira chifukwa sanatsegulidwe kwa zaka, ndipo kosatsekeka bwino kamatha kufwamphuka boti lili pa liwiro.

Mwini wake akafuna kuliza injini pamtunda, dziwani kuti popanda madzi iyenera kulira masekondi ochepa chabe. Ndi paipi ya madzi, dongosolo lake pa maboti a Yamaha ndi Sea-Doo ndi ili: injini iyambe kulira, madzi atsegulidwe pambuyo. Pozimitsa, madzi ayambe kutsekedwa, injini pambuyo. Akasemphanitsa, madzi amalowa m'masilinda. Penyetsetsani mmene akuchitira. Mudziwa mmene wakhala akulisamalira.

Chachisanu ndi chimodzi: pamadzi

Boti la jeti siligulidwa lisanayesedwe pamadzi. Pamtunda pampu yakufa ndi yamoyo zimalira mofanana. Lipirani petulo wa tsikulo nokha, ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi imene mukuteteza. Tengani akuluakulu anzanu olemera mofanana ndi banja lanu, ana atsale kunyumba, ndipo aliyense avale jekete.

Musanalize, yatsani kafani kotulutsa mpweya m'chipinda cha injini kwa mphindi 4, kapena tsegulani chivundikiro. Kankhirani boti pamadzi ofika m'chiuno, masentimita 90 kapena kuposa, musanatembenuze kiyi. Jeti ikangolira imayamba kuyamwa, ndipo pamadzi osaya imakoka mchenga ndi timiyala ta pansi. Mchenga umenewo sumangodya impela. Pa mainjini ambiri madzi oziziritsa amachokera m'pampu momwemo, ndiye mchenga umakatseka njira zake.

Injini ikafunda, imani, kenako kankhani moto wonse kamodzi. Boti labwino limagwira madzi nthawi yomweyo, limatukula mphuno pang'ono n'kugona pa liwiro m'masekondi ochepa. Singano ya injini ikathamangira m'mwamba koma boti likuzengereza, uku likunjenjemera pansi pa mapazi, pampu ikutaya madzi kapena ikuyamwa mpweya. Yendani pa liwiro lonse kwa mphindi zingapo, muone ngati injini ikufika pa nambala imene buku lake limanena. Yendani theka la ola kapena kuposa, poti vuto la kutentha silioneka m'mphindi zisanu, ndipo madzi athu ndi ofunda kale. Mvetserani alamu. Khotani kumanja ndi kumanzere, yesani livesi. Mukaika pa nyutulo boti likamasuntha pang'onopang'ono musadabwe, impela sileka kuzungulira injini ikamalira.

Zimitsani pakati pa madzi pamalo otetezeka, dikirani mphindi khumi, lizaninso. Injini zina zimadzuka bwino zikazizira koma zimakana zikatentha, ndipo zimenezo mungakonde kuzidziwa lero osati dzuwa likulowa muli ndi ana. Tsegulani chipinda cha injini, walitsani pomwe shafti imatulukira m'thupi la boti. Pa Sea-Doo pali kamphete ka kaboni kotchinga madzi pamenepo, ndipo kakatha boti limamwa madzi mpaka kumira. Yesani kapampu kotulutsa madzi a m'boti. Mukatuluka, solaninso kachitsulo ka oyilo.

Chachisanu ndi chiwiri: mapepala

Nambala ya thupi la boti, imene kawirikawiri imadindidwa kumbuyo chakumanja, ndi nambala ya injini zifanane ndi za pa mapepala. Pofufutidwa kapena pomatidwa kachitsulo katsopano, chokanipo. Dzina la pa mapepala lifanane ndi la pa chitupa (BI) cha amene akukugulitsani. Akati boti ndi la abwana ake amene anabwerera kwawo, pakhale kalata yovomerezeka yomupatsa mphamvu yogulitsa.

Msampha waukulu kuno kumalire ndi boti lolowa ndi chilolezo chongoyendera, mwini wake n'kulisiya osalipira msonkho. Mukaligula, ngongole ya ku Alfândega, ofesi ya msonkho wa pamalire, mwaigula pamodzi, ndipo likhoza kulandidwa. Funsani Documento Único yosonyeza kuti linalowa mokhazikika. Ngati mukuliitanitsa nokha kuchokera kunja, pitani kwa despachante, wothandiza za msonkho wa pamalire, akuwerengereni msonkho musanalipire boti, osati lili kale pa chipata.

Pitani ku ofesi ya Administração Marítima ndi mafotokope a mapepala musanamalize malonda. Akuuzani ngati boti linalembetsedwa, zofunika posintha dzina, za kuyeza boti ndi za chiphaso cha woyendetsa. Kuwedza kwa masewera kumafuna chilolezo chake, ndipo gombe la kumwera kwa nyanja mbali ina lili m'paki ya Mágoè imene ili ndi malamulo ake. Ngolo nayo ikhale ndi livrete, chikalata chake cha kaundula, ndi nambala yake.

Lembani mgwirizano wotchula manambala onse, mtengo ndi zonse zimene zikutsagana ndi boti, ndipo masiginecha akatsimikizidwe kwa notário. Lipirani kudzera ku banki kuti pakhale umboni. Musatumize chikole pa M-Pesa kapena e-Mola kwa munthu wa boti limene simunaligwire ndi manja, ngakhale anene kuti ogula ena ali pamzere. Pa Sea-Doo funsani makiyi awiri, chifukwa kiyi yake imalumikizidwa ndi kompyuta ya injini ndipo siidulidwa pamsika.

Pokambirana mtengo, musanyoze katundu wa munthu. Lembani zimene mwapeza ndi mtengo wokonzera chilichonse, muwaonetse: "Bambo, boti ndalikonda, koma impela, mkombero ndi matayala zikufuna ndalama izi. Tithandizane pamenepa." Munthu amatsitsa mosavuta akaona pepala kusiyana ndi akamva kulira.

Ngolo

Ambiri amaiwala ngolo, chonsecho kuno boti limayenda makilomita ambiri pamsewu kuposa pamadzi. Kuchokera ku Tete kupita ku Songo ndi pafupifupi makilomita 150, ndipo mukadutsa Chitima pali chikweza chokhotakhota. Wochokera ku Ulongué amayamba wayenda makilomita opitirira 200 asanaone n'komwe Zambezi. Tukulani gudumu lililonse ndi jeke, lizunguzeni, ligwedezeni. Phokoso kapena kugwedera ndi maberingi, amene amafa msanga chifukwa amamizidwa m'madzi ali otentha. Matayala a ngolo amaphedwa ndi dzuwa mapazi ake akadali atsopano. Werengani manambala anayi a m'mbali, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Opitirira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi sinthani. Yang'anani dzimbiri pa akiselo ndi masipiring'i, magetsi, mabuleki ngati ilipo nawo, ndipo muone m'buku la galimoto yanu kulemera kumene ingakoke.

Boti likafika pakhomo

Musatenge banja sabata yomweyo. Sinthani oyilo, masefa, mapulagi ndi girizi wa pampu, ngakhale wogulitsa analumbira kuti wangosintha. Khuthulani petulo wakale. Petulo wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu asalowe mu thanki imeneyi, ndipo ikani sefa yolekanitsa madzi ndi mafuta.

Gulani majekete a msinkhu wa munthu aliyense. La mwana likhale ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo. Mutamuveka, mutukuleni pogwira mapewa a jekete. Likafika m'makutu, ndi lalikulu. Muikemonso chozimitsira moto, nangula ndi chingwe chake, nkhafi ziwiri, ndowa, mpeni wodulira zingwe, tochi, mankhwala a chithandizo choyamba ndi madzi akumwa ochuluka.

Kenako phunzirani kuyendetsa muli awiri okha, pamalo otakasuka. Chimene chimasokoneza aliyense wozolowera galimoto ndi ichi: mukachotsa moto, chiwongolero chimasiya kugwira, chifukwa chimene chimakhotetsa boti ndi madzi otuluka kumbuyo. Munthu akaona bwato la msodzi kutsogolo, mwachibadwa amachotsa moto n'kukhotetsa, boti n'kupitabe molunjika. Muyenera kusiyako moto pang'ono kuti likhote. Ponyani chigubu pamadzi muzichizungulira, kuchiyandikira ndi kuchizemba mpaka dzanja lizolowere. Chingwe chozimitsira injini chikhale chomangidwa pa dzanja kapena pa jekete lanu nthawi zonse. Pofika pagombe, zimitsani madzi akadali akuya, mumalize ndi nkhafi. Zingwe zonse zikhale m'kati, chifukwa cholendewera m'madzi pampu imachimeza.

Injini ikamalira pasakhale munthu pa kathabwa ka kumbuyo kapena m'madzi pafupi ndi kamlomo. Utsi wa pamenepo umakomola popanda fungo lochenjeza, ndipo madzi otuluka pa jeti amavulaza kwambiri.

Pamtsinje simuli nokha. Chepetsani liwiro mukadali patali ndi mabwato a asodzi ndi a anthu owoloka, poti funde la boti lanu likhoza kugubuduza bwato lodzaza. Chitani chimodzimodzi pa madooko pomwe amayi akuchapa ndi kutunga madzi. Mvuu zipatseni mpata waukulu ndipo musadutse pakati pa izo ndi madzi akuya. Funsani asodzi a pamalopo komwe kuli njira ya madzi ndi komwe atchera maukonde, ndipo muwapatse moni musanafunse.

Petulo mugawe patatu: gawo limodzi lopitira, lina lobwerera, lachitatu losakhudza. Pamtsinje yambani ulendo molowera kumtunda, kuti injini ikafa madzi akubweretseni komwe munasiya galimoto. Uzani munthu wa pamtunda komwe mukupita ndi nthawi yobwerera, chifukwa m'zigwembe za ku Cahora Bassa netiweki imasowa. Musanatsitse boti m'madzi, gwirani ndi dzanja lanu chotsekera madzi cha kumbuyo, musadalire kuti wina watseka. Mukabwerako, tsegulani chotsekeracho madzi atuluke, tsukani mchenga m'pampu ndi paipi, chotsani waya wa batire, ndipo boti likhale pamthunzi litafundidwa, chipinda cha injini mutaikamo msampha wa makoswe.